Tili pamsana pa njovu, tisati kunja kulibe mame

Akuluakulu adati ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mwambi umenewu timakonda kuwaponyera anthu olemera, nduna za boma ndi mabwana oyenda m'magalimoto a magalasi akuda. Koma lero ndati ndiutembenuze kuti uloze ife tomwe, anthu wamba a mumzinda wa Mzuzu ndi m'matauni ozungulira, chifukwa pali njovu ina yomwe tonse takwera, wolemera ndi wosauka yemwe, ngakhale sitiiwerengera. Njovu imeneyi ndi mtendere.

Ndikudziwa kuti wina pomwe ali apo wayamba kale kupukusa mutu. Akufunsa kuti pamsana pa njovu pake pati pomwe feteleza sakugulika, lendi ikungokwera, ana omaliza sukulu ali khale pakhomo ndipo ndalama yathu ikutha mphamvu ngati mchere wa m'madzi? Funsoli n'lomveka. Palibe angatsutse kuti zinthu zathina.

Komabe taganizani izi. Mayi wa ku Chiputula akamalawira mbandakucha kukapikula tomato kumsika wa Zigwagwa, nkhawa yake imakhala pa mpamba, osati pa bomba lokwiriridwa mumsewu. Mwana wa ku Mchengautuba akachedwa kubwera kuchokera kusukulu, makolo amangoti ali kumpira. Saganiza kuti zigawenga zamugwira kuti zikamuphunzitse kuwomba mfuti. Usiku tikamva chinthu chaphulika timati ndi tayala la lole, n'kukoka bulangete chifukwa cha chisanu cha kuno, tulo n'kupitirira.

Zinthu zimenezi tidazizolowera moti sitiziona ngati chuma. Koma kwa mayi wa ku Goma m'dziko la Congo, wa ku El Fasher ku Sudan, wa ku Gaza kapena wa ku Kharkiv ku Ukraine, kugona mpaka tambala kulira popanda chodzidzimutsa ndi mwayi waukulu. Atati amuuze kuti asinthane nafe, mavuto athu onsewa angawalandire ndi manja awiri, n'kuthokozanso.

Nkhani za nkhondo timazimva ndithu. Zimabwera pawailesi pakati pa mauthenga a maliro ndi nyimbo, zimabweranso pa TV ndi pafoni. Munthu amaona chithunzi cha mwana ali mbuu ndi fumbi la nyumba yogumuka, n'kunena kuti "koma ziliko", kenako chala chatsetsereka, ali pa zigoli za Arsenal ndi Manchester United. Sindikunena kuti kuonera mpira ndi tchimo ayi. Mtima wa munthu mmodzi sungalire maliro a dziko lonse lapansi. Chomwe ndikukana ndi bodza lomwe timadzitonthoza nalo, loti nkhondo ili kutali ndipo ife siitikhudza.

Nkhondo imadutsa pakhomo pathu

Tatengani mapu a Africa omwe mwana wanu amaphunzirira kusukulu, muyeze ndi ulusi. Mupeza kuti mzinda wa Goma uli pafupi ndi Mzuzu kuposa Johannesburg, komwe achinyamata a ku Mzimba amapita ndi kubwera ngati kudimba. Tsidya lina la nyanja, kwa anzathu a ku Mozambique, zigawenga zidayamba kupha anthu ku Cabo Delgado mu October 2017, ndipo kumapeto kwa 2021 zidafika mpaka m'chigawo cha Niassa, chomwe munthu wa ku Likoma amachiona ndi maso.

Kuposa apo, nkhondo ya ku Congo imadutsa mumzinda uno mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya otuluka, ana athu ovala yunifomu. Tikamva dzina loti Moyale ambiri timaganiza za timu ya mpira yomwe imatisangalatsa pa Mzuzu Stadium. Koma dzinali ndi la tauni ya m'malire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adalimbana ndi asilikali a Italy mu July 1940. Dzina lokhalo likutiuza kuti kuyambira kale ana a dziko lino akhala akukhetsa mwazi pankhondo za kutali.

Kuyambira m'chaka cha 2013, asilikali a Malawi, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, adalowa m'gulu lapadera la United Nations lomwe lidapatsidwa mphamvu zothira nkhondo zigawenga kum'mawa kwa Congo pofuna kuteteza anthu wamba. Mu November 2018, pafupi ndi tauni ya Beni, asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF.

Mmodzi mwa iwo adali Private Chancy Chitete wa ku Moyale Barracks kuno ku Mzuzu. Zipolopolo zili mkati movumba, iye adaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, ali thapsa atavulala. Adamukokera pamalo obisika, ndipo ali mkati momuthandiza, chipolopolo chidamupeza iyeyo. Omary adapulumuka, Chitete adatsikira kulichete. Mu May 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, adapereka kubanja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri womwe bungweli limapereka kwa msilikali wosungitsa mtendere yemwe waonetsa kulimba mtima.

Maliro sadathere pomwepo. Mu January 2025 asilikali ena atatu a dziko lino, omwe adali m'gulu la SADC, adaphedwa pomwe zigawenga za M23 zinkalowera ku Goma. Mwezi wotsatira mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adalamula kuti asilikaliwo akonzekere kubwerera kumudzi, ndipo mu March 2025 bungwe la SADC lidathetsa ntchito ya gululo.

Mbali yachiwiri ndi ya olowa. Awa sabwera pandege, ndipo palibe bandi yowalandira. Amachokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, kudutsa m'dziko la Tanzania, n'kulowera ku Songwe kapena ku Chitipa. Amayamba asungidwa ku Karonga, kenako ulendo wa pamsewu wa M1: kukwera Chiweta, kudutsa Ekwendeni, kulowa mumzinda uno, kuboola Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka kukafika ku Dzaleka m'boma la Dowa. Mwina mudakhalapo nawo mpando umodzi m'basi, mayi wosalankhula, mwana kumsana, katundu yense ali m'jumbo imodzi.

Tsono nayi nkhani yomwe yandichititsa kugwira cholembera. Msilikali yemwe wafera kuteteza mayi wa ku Congo timamuimbira lipenga, bokosi lake timalikuta ndi mbendera, ndipo n'zoyenera kutero. Koma mayi yemweyo akapulumuka n'kufika kuno, timamuyang'ana ndi diso la nkhwezule, timati wabwera kudzatilanda malonda. Kodi zimenezi zikugwirizana? Ngati moyo wake udali woyenera kuti mwana wa ku Moyale aufere, walekeranji kukhala woyenera moni ndi madzi akumwa?

Chomwe akuthawa

Ena amaganiza kuti anthuwa amangotsata ndiwo zonona. Tiyeni tione chomwe amasiya kumbuyo. Goma ndi mzinda wa anthu pafupifupi 2 miliyoni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Mzuzu uli ndi anthu 221,272, choncho tikunena za Mzuzu angapo ataphatikizidwa. Mzindawu utagwa m'manja mwa M23 kumapeto kwa January 2025, akuluakulu a United Nations adati anthu pafupifupi 3,000 adafa m'masiku ochepa chabe. Mitembo idadzadza m'zipatala, ina idagona m'misewu. Madzi ndi magetsi zidaduka, bwalo la ndege lidatsekedwa, mabanki nawo adatsekedwa kwa miyezi yambiri. Mu February mzinda wa Bukavu nawo udagwa.

Taganizani kuti zachitikira kuno. Mphunzitsi ali ndi malipiro kubanki koma chitseko n'chokhoma. Mayi woyembekezera wayamba kumva m'mimba usiku koma palibe wakabaza angayerekeze kutuluka. Wodwala shuga kapena womwa ma ARV mankhwala amuthera. Mlimi wa ku Ekwendeni chimanga chacha m'munda koma kumundako kwakhala malo a zigawenga. Pankhondo, ambiri safa ndi chipolopolo. Amafa ndi njala, kolera, malungo ndi uchembere, zinthu zomwe pamtendere zikadachizika.

Ndipo amayi ndi atsikana ndiwo amaona zakuda kwambiri. Dokotala Denis Mukwege wa pachipatala cha Panzi ku Bukavu adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2018 kaamba ka ntchito yothandiza amayi zikwizikwi omwe adagwiriridwa ndi anthu a mfuti. Kum'mawa kwa Congo mtendere weniweni sudakhazikikepo kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 2024 anthu pafupifupi 7 miliyoni adali atasamuka m'makomo mwawo m'dzikomo. Mayiko a Congo ndi Rwanda adasainirana pangano ku Washington mu June 2025, koma mfuti sizidaleke kulira chifukwa cha pepalalo.

Kuno ku Mzuzu tidalawako pang'ono chabe. Pa 20 July 2011 zionetsero zitasanduka ziwawa, anthu 20 adafa m'dziko muno, ndipo mzinda uno ndiwo udataya anthu ambiri kuposa mizinda ina. Manda awo ali ku Zolozolo. Amene adalipo akukumbukira utsi, kulira kwa mfuti, mashopu otsekedwa ndi makolo akusakasaka ana awo kuchipatala. Adali masiku awiri okha koma mpaka lero bala lake silidapole. Nanga amene wakhala m'moyo wotere zaka 30?

Wina akulira, wina akudyerera

Chowawa china n'chakuti kusiyana kwa ovutika ndi okhala mwa wofuwofu sikuchitika mwangozi. Nthawi zambiri wina amakhuta chifukwa choti wina akulira. Ku Rubaya, kumadzulo kwa Goma, kuli migodi ya mwala wotchedwa coltan, womwe umatulutsa chitsulo chofunika popanga mafoni ndi makompyuta. Zigawenga za M23 zidalanda derali mu April 2024, ndipo akatswiri a United Nations adati zinkapeza ndalama zokwana pafupifupi $800,000 pamwezi kuchokera kumisonkho ya mwalawu. Akatswiri omwewo akhala akuloza chala dziko la Rwanda kuti limathandiza gululi, ngakhale boma la Paul Kagame lidakhala likukana kwa nthawi yaitali.

Palibe angalumbire kuti foni yomwe ili m'thumba mwanu ili ndi mwala wa ku Rubaya. Koma palibenso angalumbire kuti mulibe, chifukwa mwala ukangodutsa malire n'kusakanizidwa ndi wina sudziwikanso kwawo. Chimodzimodzi ku Sudan, komwe nkhondo idabuka pa 15 April 2023 pakati pa asilikali a boma ndi gulu la RSF. Anthu oposa 10 miliyoni adathawa m'makomo mwawo ndipo mu August 2024 njala yoopsa idalengezedwa kumsasa wa Zamzam. Komatu dziko lomwelo ndilo limatulutsa gawo lalikulu la utomoni wa mitengo ya mtundu wa mthethe wotchedwa gum arabic, womwe umalowa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi maswiti a m'mayiko ambiri. Golide wake naye sadasiye kutuluka.

Nanga mfuti amapanga ndani? Ku Goma kulibe fakitale ya akasinja. Bungwe la kafukufuku la SIPRI la ku Sweden lidati mu 2024 mayiko adawononga ndalama zoposa $2.7 thililiyoni pa zankhondo. Mayiko anayi omwe adali patsogolo pogulitsa zida m'zaka za 2020 mpaka 2024, America, France, Russia ndi China, onse ali ndi mipando yokhazikika m'komiti ya United Nations yoona zachitetezo. Ogulitsa machesi ndi omwewonso tidawapatsa ntchito yozimitsa moto.

Nkhaniyi si yatsopano kwa Amalawi. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga mu September 1914, mbusa John Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akuitanidwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana, pomwe eni chuma ali phee kunyumba. Boma la atsamunda silidafune kuti kalatayo iwerengedwe. Nkhondoyo isadathe, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino adagwidwa ntchito ya tengatenga, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri sadabwerere. Zaka zoposa 100 zapita, koma dandaulo la Chilembwe likadali lamoyo. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu.

Ngakhale chifundo chenichenicho chimaona nkhope. Russia italowa m'dziko la Ukraine pa 24 February 2022, mayiko a European Union adatsegula zipata, ndipo pasadathe milungu iwiri adagwirizana zoti othawa nkhondoyo aloledwe kukhala, kugwira ntchito ndi kutumiza ana kusukulu. Adachita bwino kwambiri. Koma m'zaka zomwezo Aafrica akhala akumira m'nyanja ya Mediterranean zipata zili zokhoma. Bungwe la UNHCR limati mwa othawa kwawo 10 alionse, pafupifupi 7 amasungidwa ndi mayiko osauka ndi opeza pang'ono, osati olemera.

N'kosavuta tsono kuloza chala azungu. Koma chala chimodzi chikamaloza wina, zitatu zimaloza mwini wake.

Tidachitapo bwino

Dziko lino lili ndi mbiri yomwe tiyenera kuinyadira. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu a ku Mozambique adakhamukira kuno mwaunyinji, maka kuyambira 1986. Pofika 1992 adali oposa 1 miliyoni, pomwe kalembera wa 1987 adapeza kuti eni dzikofe tidali pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa, adalandiridwa m'midzi, mafumu n'kuwapatsa pomanga.

Sikuti tidali olemera. Nkhondo yomweyo idatseka njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumadzera kutali, mitengo n'kukwera. Mu 1992 kudagwa chilala choopsa. Nkhalango zambiri zidatha ndi nkhuni. Koma makolo athu sadathamangitse alendowo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri adabwerera kwawo mwakufuna kwawo. Umphawi sudawaletse makolo athu kukhala anthu.

Ifenso tidakhalapo alendo kwa eni. Atsogoleri ngati Kanyama Chiume adathawira ku Tanzania pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964. Mu 1972 a Mboni za Yehova zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu May 2008 ndi mu April 2015 abale athu ku South Africa adathamangitsidwa ndi zikwanje, katundu wawo kuotchedwa, boma mpaka kutumiza mabasi kukawatenga. Tidakwiya tonse kumva ana athu akutchedwa makwerekwere. Mlandu womwe ankawanenera ndi womwewu: mukutilanda ntchito, mukutilanda malonda.

Nanga lero tikutani? Msasa wa Dzaleka, womwe kale udali ndende ya andale, udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000. Pofika 2023 udali ndi anthu oposa 50,000. Alipo omwe adabadwira momwemo, adakwatira momwemo ndipo akulera ana momwemo, osadziwa dziko lina koma lino, chikhalirecho lamulo silikuwalola kutuluka kukafuna ntchito. Malawi idavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo m'chaka cha 1987, koma idakana mfundo zina, kuphatikizapo ufulu woyenda ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la othawa kwawo lidakhazikitsidwa mu 1989.

Mu 2023 boma lidalamula kuti onse omwe ankakhala m'matauni ndi m'midzi abwerere kumsasa pofika pa 15 April. M'mwezi wa May achitetezo adayamba kuwagwira ku Lilongwe, ndipo anthu mazanamazana, amayi ndi ana omwe, adayamba agona kundende ya Maula asadawatengere ku Dzaleka. Ntchitoyi idafalikira m'maboma ena. Mashopu adatsekedwa, ana adasiyira sukulu panjira, ambiri adadandaula kuti katundu wawo adasowa. Chaka chomwecho bungwe la WFP lidadula ndi theka thandizo la chakudya kumsasako kaamba kosowa ndalama, ndipo mu 2025 boma la America lidatseka bungwe lake lothandiza la USAID, mabungwe ambiri n'kutsala manja lende. Tidatenga anthu omwe ankadzidyetsa okha n'kukawaunjika pamzere wa chakudya chomwe chikutha.

Madandaulo a mbali inayi

Sindikufuna kunamizira kuti odandaula alibe mfundo. Wamalonda wa pa Taifa kapena wa kagolosale ku Chibavi yemwe akuona makasitomala akupita kwa mlendo wogulitsa motchipa akumva kuwawa kwenikweni, ndipo ana ake nawo amafuna kudya. Koma mankhwala ake si kutsekera munthu kumpanda. Mankhwala ake ndi lamulo lomveka bwino: mlendo akhale ndi chiphaso, alembetse bizinesi, alipire msonkho ngati wina aliyense, ndipo ngati pali malonda ena omwe tikufuna akhale a Amalawi okha, lamulo linene poyera. Tisaiwale kuti mlendo wa shopu amalipira lendi kwa Mmalawi, amagula nyemba ndi mpunga kwa mlimi wa kuno, amalembanso ntchito mnyamata wa kuno.

Pakati pa anthuwa pali aphunzitsi, anamwino, amakaniko ndi amisiri. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ku Dzaleka komweko mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, yemwe amadziwika kuti Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, ndipo chakhala chikukopa anthu zikwizikwi kupita ku Dowa. Ngati munthu angachite zotere ali m'mpanda, kuli bwanji atamasulidwa?

Ena amati alendowa amabweretsa mfuti ndi umbanda, ndipo ena mwa iwo adapha anthu kwawo. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo boma lili ndi udindo wofufuza aliyense wolowa pachipata. Mu 2019 dziko lino lidapereka m'manja mwa Rwanda mkulu wina yemwe ankafunidwa pamilandu ya kupha anthu kwa 1994. Umo ndi mmene ziyenera kukhalira: wolakwa agwidwe ndi dzina lake, aweruzidwe ndi umboni wake. Koma kulanga khanda la ku Bukavu chifukwa cha mlandu wa munthu yemwe silikumudziwa n'komwe si chilungamo. Mbava zachimalawi zikagwidwa ku Joni sitivomera kuti Amalawi onse athamangitsidwe.

Njira zina zilipo, ndipo si za azungu. Uganda imasunga othawa kwawo oposa 1.5 miliyoni, imawapatsa kamunda ndi kuwalola kugwira ntchito. Tanzania mu 2014 idapereka unzika kwa anthu pafupifupi 162,000 a ku Burundi omwe adathawa kwawo mu 1972. Zambia idalola ena mwa omwe adathawa ku Angola kukhazikika ku Meheba ndi Mayukwayukwa. Mayiko amenewa nawo ali ndi mavuto awo, koma adazindikira kuti manja ogwira ntchito ndi opepuka kusiyana ndi pakamwa pongodikira.

Tingachitepo chiyani?

Ife a ku Katoto, Luwinga, Rumphi kapena Jenda sitingaletse nkhondo ya ku Sudan. Koma zilipo zomwe zili m'manja mwathu.

Choyamba ndi lilime. Tidazolowera kutchula mlendo aliyense wochokera kumtundako kuti "Mburundi", ndipo dzinali timalitchula monyoza. Ana amamva, n'kukalinena kusukulu. Ku Rwanda mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku 100, koma zikwanje zisadayambe, wailesi ya RTLM idayamba kaye yatchula anthu kuti mphemvu. Nkhondo imayambira pakamwa. Choncho zonyozana za mitundu ndi zigawo zomwe timatumizirana pa WhatsApp ndi Facebook, maka nyengo ya chisankho, tisazitenge ngati nthabwala.

Chachiwiri, tifunse aphungu athu za lamulo la 1989 lija. Lidalembedwa nthawi yomwe tinkayembekezera kuti alendo abwerera kwawo posachedwa. Silikuyankha funso la mwana wobadwira ku Dzaleka yemwe tsopano ndi bambo wa ndevu. Phungu akabwera kudzakhazikitsa mpikisano wa mpira, mufunseni maganizo ake pankhaniyi.

Chachitatu, mipingo ndi mizikiti. Timasonkha za matchalitchi ataliatali, zokuzira mawu ndi galimoto za abusa. Kodi Sabata limodzi pachaka silingakhale la sopo, mabulangete ndi makope a ana omwe angolowa kumene ku Karonga? Kupatsa n'kuika.

Chachinayi, tisaiwale mabanja a asilikali. Maliro akatha, lipenga likaleka, mayi wamasiye amatsala yekha ndi fizi ya ana. Enanso amabwerako amoyo koma zomwe adaona zimawasowetsa tulo. Awa ndi anansi athu, timapemphera nawo, timagula nawo msika umodzi. Boma liwapatse zawo msanga, ife tiwayendere.

Chachisanu, mawailesi ndi nyuzipepala zathu zitifotokozere nkhondozi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, osangoti "zigawenga zapha anthu" basi. Anthu adziwe chomwe chikumenyanitsa, yemwe akupindula ndi chifukwa chomwe ana athu akutumizidwira kumeneko. Nzika yodziwa ndiyo ingafunse mafunso oyenera ulendo wina boma likamadzatumizanso asilikali.

Palibe mmodzi wa ife adachita kulembera kalata kuti abadwire ku Malawi, monganso mwana wa ku Goma sadapemphe kubadwira pakamwa pa mfuti. Mtendere womwe tili nawowu sitidaugule ndi nzeru zathu zokha, ndipo anthu a ku Cabo Delgado nawo ankagona tulo tabwino chisadafike chaka cha 2017. Kudya nsima yathu mwamtendere si mlandu, kuseka ndi kuvina paukwati si mlandu. Mlandu ndi kutseka chitseko ndi kutukwana yemwe wagogoda moto ukumuthamangitsa.

Abale anga, mnzako akapsa ndevu m'zimire. Sitikudziwa tsiku lomwe ife kapena adzukulu athu tidzaime pamlatho wa Songwe, jumbo m'manja, kuyang'ana tsidya linalo ndi kudikira kuti atiyankha chiyani.